Tsache la a Zikhale ndi Asilikali Khumi ndi Awiri

A Zikhale sanakhalepo msilikali. Izi ankazinena okha munthu asanawafunse, chifukwa masiku amenewo mlonda aliyense wa imvi mu Lilongwe ankati anamenya nkhondo ya Keyala, moti ukanawakhulupirira onse ukanati kumudzi sikunatsale mwamuna ndi mmodzi yemwe woti n'kulima. Iwo ankati mfuti anangoigwirapo kamodzi, ya gogodela ya amalume awo, ndipo inawagwetsa chagada m'mizere ya mbatata. Ulonda wawo anauphunzira m'munda, pa nsanja, kulimbana ndi anyani ndi nguluwe, kuyambira unyamata wawo mpaka tsiku limene anthu a boma anabwera ndi zikhomo zopaka utoto n'kunena kuti likulu la dziko likuchoka ku Zomba, likubwera kuno.

Anthu a m'mudzi mwawo anasamuka. A Zikhale ndi akazi awo, a Naphiri, anapita nawo kukaona malo atsopanowo, koma anapeza minda yabwino atagawana kale amene anafulumira, ndiye anabwerera. Kumene kunali munda wawo kunali kutapatsidwa dzina la nambala, Area 9, ndipo pamene panali nsanja amisiri anali kumanga nyumba ya zipinda zinayi. Mtengo wa mango umene anabzala chaka chimene anakwatira unali ukadalipo, poti amisiriwo ankapumira pamthunzi pake. A Zikhale anayamba kulondera simenti ndi mafelemu a mawindo. Nyumba itatha iwo anatsala ngati mtengo uja, ndipo mwini wake atafika anawapeza ali pageti akusesa. Anawapatsa kachipinda ka kuseri, pafupi ndi mango awo.

Mwini nyumbayo anali a Bonaventure, mkulu wa mu ofesi ina ya boma, amene anafika mu 1975 akutsatira malole onyamula mafaelo. Anali munthu wa nthabwala, wa kamimba kongoyamba kumene, wosavula tayi ngakhale Loweruka. Akazi awo, mayi Consolata, Lilongwe sanamukonde. Ku Zomba anali ndi phiri kumbuyo ndi anansi kutsogolo. Kuno nyumba yoyandikana nayo inali kutali moti utakuwa zikanamva ndi nkhwali zokha. Pakati ponsepo panali tsekera ndi misewu ya phula yothera m'tchire, ndipo afisi ankalira ngati palibe anawauza kuti tsopano akukhala mumzinda.

Chimene chinkawawonjezera mantha adona chinali mlonda wawo yemwe. Anali wochepa thupi, wovala nsapato za matayala ndi jasi lofika m'mawondo, ndipo chida chake chachikulu chinali tsache. Dzuwa likapendeka a Zikhale ankazungulira mpanda wonse wa waya, akusesa kanjira kotambalala ngati mphasa mpaka fumbi lake litasalala ngati ufa wosefa. Kukacha ankazunguliranso, manja kumbuyo, mutu pansi, akuwerenga. Ankadziwa kuti kwadutsa fisi wotsimphina, kuti mphaka wina walowa n'kutulukanso, kuti munthu wopanda nsapato anaima pa ngodya ya kumadzulo nthawi yokwana kusuta ndudu imodzi kenako n'kusintha maganizo. Akapeza zotero ankasamutsira kampando kawo pa ngodya imeneyo masiku atatu, ndipo mapaziwo sankabweranso. Akatha kuwerenga ankasesanso, kuti masana nawo alembe zawo. Poti pakhomopo sipankabedwa kanthu, adona ankaona ngati palibe chimene munthuyu akuchita. Kwa amayi anzawo a ku tchalitchi ankati anapempha mlonda koma anapatsidwa wosesa.

Panalinso mapazi ena amene a Zikhale ankawawerenga kawirikawiri koma osauza munthu, ngakhale a Naphiri. Anali a nsapato za ku ofesi, zosongoka kutsogolo, chidendene cha kumanzere chodyeka. Ankachokera kuseri kwa galaja, n'kudutsa pamene waya anali wokhwepa, n'kulowera kumene akazi a amisiri ankagulitsa mbewa zopanika m'timitengo. Patebulo a Bonaventure ankaseka anthu a kuno ndi mbewa zawo, ndipo adona anali atalamula kuti chinthu chimenecho chisadzalowe pakhomo pawo. Sichinkalowadi. Chinkadyedwa chiimire kuseri kwa mulu wa njerwa.

Mwezi wa Julaye, fumbi lili kobo, adona anapeza mlonda wa kumtima kwawo. Dzina lake anali Goliati, ndipo dzinalo silinkanama. Anali ndi jombo, lamba wokhuthala, kapu, chibonga chopaka vanishi ndi wenzulo ya pakhosi. Anali ataphunzitsidwa kuguba masabata atatu ndi anthu ena a kampani ya alonda, ndipo akamenya sawasha fumbi linkadzuka. A Bonaventure anaitana a Zikhale pakhonde, anayamba ndi nkhani ya mphepo ya chaka chimenecho, kenako maso ali pa nsapato zawo anati mwezi ukatha pageti padzakhala Goliati, ndipo kachipinda ka kuseri kadzafunika. Panthawiyi Goliati azibwera Loweruka lililonse kuti azolowere malo.

A Zikhale anathokoza, monga munthu amachitira. Anakauza a Naphiri, amene anangotsitsa mtanga padenga n'kuyamba kuukuntha fumbi. Onse awiri ankadziwa kuti akachoka pano alibe munda woti n'kupitako. Patapita nthawi a Naphiri anafunsa ngati sizingathandize kugula jombo za kaunjika ku msika. A Zikhale anati jombo zimangodziwitsa wakuba pamene mlonda ali. A Naphiri anati wakubayo si amene amalemba anthu ntchito, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Loweruka lotsatira bwana ndi adona anakonza zokaona kanema wa masana ku holo ina ku tauni. A Zikhale anauzidwa kuti akwere nawo akalondere galimoto, nyumba itsale ndi Goliati. Asananyamuke anamuzungulitsa mnyamatayo mpanda wonse, akumuonetsa kanjira kosesa, n'kumupempha kuti asamapondepo. Goliati anaseka n'kunena kuti iye ndi mlonda, agogo, osati nkhuku yoti iziyang'ana pansi. A Zikhale anakavala malaya awo a ku tchalitchi, ndipo akuvala anamva waya wa kuseri kwa galaja akulira pang'ono. Anati m'mtima mwawo adzasesapo akabwerako.

Atawoloka mlatho n'kufika ku Area 2, zinapezeka kuti a Paxton, mnzawo wa bwana amene anawagulira tikiti, sabwera. Anali atatumidwa ku Zomba kukasaka kabati imene inasokera posamuka. A Bonaventure anayang'ana tikiti yotsalayo, anayang'ana mlonda wawo, nthabwala n'kuwagwira.

"Madala, tiyeni mukaone asilikali enieni. Mwina mutengako nzeru pang'ono musanapume."

A Zikhale sanalowe pomwepo. Anayamba awoloka msewu kupita pakhonde la sitolo pamene a Sumaila, telala amene ankadziwana naye kuyambira kale, ankasokera atayang'ana kumsewu. Anawaonetsa galimotoyo, a Sumaila anagwedeza mutu ulusi uli kukamwa, ndipo apo m'pamene a Zikhale anavula chipewa n'kulowa m'holo. Anakhala kumapeto kwa mzere, pambali pa adona, atapinda miyendo kuti jasi lawo lisakhudze diresi. Magetsi asanazime anali atawerenga kale zitseko: zinali zitatu, china chotchingidwa ndi mabenchi, ndipo sanakondwe nazo.

Chizungu sankachimva, koma nkhaniyo sinafune womasulira. Chombo china chinagwa kuchokera kumwamba, m'dziko la mchenga wokhawokha. Anthu a majasi oyera anatulutsamo chinthu chooneka ngati chipanda chachikulu, n'kukachiika m'nyumba ya mpanda, ndipo asilikali khumi ndi awiri anapatsidwa ntchito yolondera. Chipandacho chinasweka. M'katimo munatuluka chilombo chopanda nkhope, chokwawa, cha mikono yambiri yotambalala ngati ziyangoyango za maungu, ndipo pamene chadutsa chinkasiya mkukuluzi pamchenga ngati wina wakoka thumba la chimanga.

Poyamba a Zikhale anawalemekeza asilikaliwo. Anali anyamata odya bwino, zovala zosita, mfuti zonyezimira. Koma ataona onse khumi ndi awiri atandanda pageti la kutsogolo, akumenyera sawasha mkulu wawo, kuseri kulibe ndi mmodzi yemwe, anayamba kusuntha pampando. Kenako anaona mchenga uja. Unali mchenga umene mlonda amachita kuulota, wosalala wokha popanda tsache, ndipo asilikaliwo ankangoupondaponda ndi jombo, ena kuyendetsapo galimoto, mkukuluzi wa chilombo uli pomwepo pakati pa miyendo yawo. Palibe anaweramitsa mutu. A Zikhale anatulutsa kamawu kapakhosi kamene ankachita akapeza nguluwe itafukula chinangwa, ndipo adona anatembenuka, akuganiza kuti mkuluyu wayamba kuopa.

Anthu m'holomo anali atayamba kale kukuwa ndi kulangiza. Kuseri kwa nyumba ija kunamveka kugogoda, ndipo msilikali wa pageti anasiya geti pululu n'kuthamangira kumeneko ndi tochi. Sanabwerere. Anzake awiri anamutsatira akumuitana dzina mokweza, aliyense njira yake, ndipo nawonso sanabwerere. A Zikhale ankapinda zala pa bondo, chimodzichimodzi. Chilombo chitaonekera pakhonde, otsalawo anaomba mfuti onse pamodzi, zipolopolo n'kuthanso onse pamodzi, ndiye anaima akupapasa m'matumba, mikono ija ikubwera. Adona anali atabisa nkhope m'kansalu. Mmodzi mwa otsalawo analowa m'chipinda akuthamanga, n'kusiya chitseko chikugwedezeka kumbuyo kwake, ndipo apa a Zikhale analephera kupirira.

"Tseka chitseko, mwana iwe!"

Mizere itatu inatembenuka. A Bonaventure anaseka mpaka kukhosomola. A Zikhale anachita manyazi, anagwira pakamwa, koma chitsekocho sichinatsekedwe ndipo chala china chinapindika.

Panali msilikali mmodzi wonenepa, wa kapu yaing'ono, amene ntchito yake mu kanemayo inali yoseketsa anthu. Anzake akamathamangira phokoso iye ankatsalira. Ataona chilombo sanaombe mfuti, anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Koma a Zikhale anaona chimene ena sanachisamale: munthuyo polowa m'nyumba anatseka chitseko, anakoka loko, anakankhirapo tebulo, kenako anayang'ana pansi pa chitseko ngati pali mpata. M'nyumbamo munali mayi wina wa jasi loyera, ndipo awiriwo ndi amene anali amoyo pamene ndege zinabwera kudzatentha chilombocho. Magetsi atayaka zala za a Zikhale zinali zitatha manja onse awiri, n'kubwereka chimodzi kwa chala cha kuphazi.

Panja dzuwa linali likadalipo. A Zikhale anawoloka kukathokoza a Sumaila, anazungulira galimoto kamodzi akuyang'ana matayala, n'kukwera kumbuyo. Akukwera chitunda atadutsa mlatho, a Bonaventure anayang'ana pagalasi n'kufunsa kuti madala awaona bwanji asilikali a kwa azungu.

A Zikhale anayamba ndi ulemu. Anati anyamatawo anali olimba mtima, ndipo makolo awo ayenera kuti anawadyetsa bwino. Bwana anati zimenezo azisiye, anene ngati angawalembe ntchito. Galimoto itapitirira lole ya mchenga, a Zikhale anayankha.

"Pa munda wanga, bwana, ndikanalemba mmodzi. Wonenepa uja."

"Wamantha uja?"

"Eya, yemweyo. Mantha ake anali ndi maso. Enawo kulimba mtima kwawo kunali kotsinzina."

Bwana anaseka, koma adona sanaseke. Anatembenuka pampando, kwa nthawi yoyamba kuyang'ana mlonda wawo kumaso chichokere ku Zomba, n'kufunsa kuti nanga enawo analakwa pati, poti chilombo chotere palibe angachithe. A Zikhale anati za chilombo cha kumwamba iwo sadziwa, koma cha pansi pano chilichonse chofuna kulowa pamalo chimayamba chazungulira, ndipo chikazungulira chimasiya mapazi. Anati akanakhala iwo akanapempha mkulu wa asilikali uja matsache awiri, mfuti zina n'kuzibweza. Anafotokoza za anyani, kuti amatumiza mmodzi kukachita phokoso kumapeto kwa munda, iwe ukathamangira kumeneko gulu lonse lalowera kumene wachoka, ndiye munthu wa pageti phokoso amalimva ndi khutu, miyendo osasuntha. Anatinso poponya miyala sumaponya yonse, wina umatsala m'dzanja, ndipo mukakhala awiri wina akamaponya wina azitola. Chimene chinawapweteka kwambiri chinali tochi ndi kuitanana mayina kuja. Anati kumeneko kunali ngati kuuza chilombo kuti chakudya chapsa.

A Bonaventure, amene sankafuna kugonja pa nthabwala yawo yomwe, anati nanga madala nawonso sanasiye galimoto n'kukalowa m'holo atamva phokoso? A Zikhale anati sanaisiye, anaipereka kwa a Sumaila, ndipo a Sumaila sachoka pa makina awo ngakhale kutagwa chombo kuchokera kumwamba, pokhapokha kasitomala atawathawa. Apa adona anaseka pang'ono, kenako anakumbukira mikono ija n'kufunsa ngati mawindo a galimoto atsekedwa.

Atafika ku Area 9 anapeza geti lili chitsekere, Goliati ali chilili ngati mzati. Anamenya sawasha, anatsegula geti, n'kunena kuti zonse zili bwino. Adona anatsika akupuma mosangalala, anayenda masitepe asanu, n'kuima. Maluwa awo, amene anabwera nawo m'zitini kuchokera ku Zomba atawafungatira pamiyendo ulendo wonse, anali atatsala timitengo tokhatokha. Goliati anati iye sakudziwa, mwina ndi mphepo. Koma adona sanali kuyang'ananso maluwa. Pafumbi, kuchokera chapageti kulowera kuseri kwa nyumba, panali mkukuluzi wautali wokhotakhota, ngati wina wakoka thumba. Anagwira mkono wa amuna awo ndi manja awiri. A Bonaventure anayesa kuseka, koma dzanja lawo linapita pa tayi.

A Zikhale anatenga tsache lawo pamene analisiya, anaika manja kumbuyo, n'kuweramitsa mutu. Anayenda pang'onopang'ono, enawo akutsatira m'mbuyo, ndipo ankanena zimene akuona ngati munthu wowerengera mnzake kalata. Apa jombo zinaima nthawi yaitali. Apa zinatembenuka n'kuyamba kuthamanga, taonani kutalika kwa masitepe, kulowera kuseri kumene mbuzi ina inkadzikanda pa waya. Geti linatsala lotsegula, onani pamene linakhula pansi. Apa zinalowa mbuzi zisanu ndi imodzi, ina ili ndi kamwana. Mkukuluziwo ndi wa mbuzi imene inazula chikhomo chake, ikukoka chingwe ndi chikhomo chomwe, ndipo iwo akuidziwa, ndi ya munthu wina wa kutsidya kwa dambo amene samanga bwino mfundo. Apa jombo zinabwerera, zinazungulira nyumba kawiri, apa zinaterereka, ndipo apa si jombo ayi, ndi pamene mwini jombo anakhala pansi mwadzidzidzi.

Onse anayang'ana kumbuyo kwa buluku la Goliati. Kunali fumbi lofiira. Mnyamatayo anavula kapu n'kuyamba kuipotokola, ndipo a Zikhale anamumvera chisoni. Anati mbuzi zisanu ndi imodzi kuzitulutsa munthu mmodzi si masewera, ndipo geti analitseka bwino pomaliza.

Adona mantha anali atawachoka, ndipo m'malo mwake munalowa chidwi. Anati akufuna aone mpanda wonse. Anatsogola okha, atanyamula diresi pang'ono, akuloza apa ndi apo n'kumafunsa. Ichi n'chiyani? Njiwa. Nanga ichi? Buluzi. Anali ngati mwana wa sukulu amene wangozindikira kuti zilembo zimapanga mawu. Anakhota ngodya ya kumadzulo, anadutsa pa mango, n'kuyandikira kuseri kwa galaja, ndipo m'pamene a Zikhale anakumbukira kulira kwa waya kwa masana kuja.

Mapaziwo analipo, ooneka bwino kuposa ena onse: osongoka kutsogolo, chidendene cha kumanzere chodyeka, opita ndi obwera, ndipo pambali pake panagwa kamtengo kong'alula pakati, ka mafuta. A Bonaventure anawaona. Anaonanso nsapato zimene anavala, ndipo anayesa kubisa phazi limodzi kuseri kwa linzake. Adona anali masitepe atatu kumbuyo, atawerama pa mapazi a mphaka.

A Zikhale sanafulumire. Anangopitirira ngati akupitiriza ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, tsache linapita kumanja, linabwera kumanzere, kamtengo kaja n'kulowa pansi pa nsapato ya tayala. Adona atafika anapeza fumbi losalala, n'kufunsa kuti apa panali chiyani.

"Apa ndasesa kale, mayi. Koma waya uyu ndi wokhwepa, bwana akudziwa."

Bwana anati akudziwadi, ndipo akhala akuganiza zoti akonzetse. Mawu awo anatuluka opyapyala pang'ono.

Zimene anakambirana m'nyumba tsiku limenelo palibe anazimva. A Naphiri anangoona kuti a Zikhale abwera, akhala pa kampando pansi pa mango, n'kuyamba kuwafotokozera za asilikali khumi ndi awiri ndi chipanda cha kumwamba. Anamvetsera akusenda nyemba, kenako anati iwo sakuona chachilendo, amuna onse amatero, ukawatuma kukatseka khola amakathamangitsa galu. Mtanga uja unali ukadali pakhomo, muli kale mbale ndi zofunda zochapa.

Lolemba m'mawa a Bonaventure anaimitsa galimoto pageti, anatsitsa galasi. Anati aganizaganiza, ndipo aona kuti Goliati akuwonongeka pa nyumba ya munthu. Thupi lotero ndi sawasha yotero n'zofunika ku City Centre, pa chitseko cha ofesi, kumene kumabwera alendo ofuna kulandiridwa, ndipo amupezera kale malo. Choncho ngati madala alibe pena popita, apitirize. Adona, amene anali pakhonde, anawonjezera kuti Loweruka akagula matsache awiri atsopano. A Zikhale anathokoza, anatseka geti, anakoka loko, n'kupita kuseri. A Naphiri anawayang'ana kumaso, anatulutsa mbale mumtanga n'kuubweza padenga.

Goliati anakhaladi ku City Centre zaka zambiri, ndipo ankamutama. Akakumana ndi a Zikhale ku msika ankawamenyera sawasha, iwo n'kumufunsa ngati kuseri kwa ofesiyo amapitako. Iye ankati kuseri kuli simenti yokhayokha, agogo, ndipo a Zikhale ankapukusa mutu, kudandaula kuti amisiri a masiku ano samaganizira alonda.

Pageti la ku Area 9 anakhalapo mpaka maso atayamba kuchita chifunga. Tchire lija linatha, nyumba zinayandikana, mipanda ya waya inasanduka ya njerwa, koma kanjira kawo sanalole kuti kathiridwe simenti. Ku kanema sanapitenso. Ankati anaona kamodzi ndipo zinawakwana, sangalipire kuti akaone anthu akulephera ntchito. Koma alonda atsopano a m'deralo, akangoyamba, anzawo ankawatumiza kwa a Zikhale, ndipo iwo ankawakhazika pansi pa mango n'kuwafunsa funso limodzi: pa asilikali khumi ndi awiri aja, iwe ndiwe uti? Amene anali asanaimve mbiri yake ankasankha wolimba mtima, ndipo ankachoka dzuwa litapendeka, tsache lobwereka lili kukhwapa.

Waya wa kuseri kwa galaja sanakonzedwe chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Mapazi osongoka aja ankaonekabe nyengo ya mbewa ikafika, kungoti tsopano pobwera ankakhotera ku mango. Pa kampando ka a Zikhale pankapezeka kaphukusi ka nyuzipepala, m'kati muli ziwiri, ina yawo ina ya a Naphiri. Iwo ankadya, ankapinda nyuzipepalayo, kenako ankatenga tsache n'kukasesa kuseri kwa galaja adona asanatuluke kudzathirira maluwa.